Kuyendetsa laibulale: mafunso ndi mayankho kwa oyang'anira ndi akomiti

Mafunso awa amakonda kufunsidwa ndi anthu amene angopatsidwa kumene udindo woyang'anira laibulale, kaya ya sukulu, ya yunivesite, ya bungwe lofufuza kapena ya anthu wamba. Ena amachokera kwa akomiti ndi akuluakulu ovomereza ndalama, omwe amadabwa kuti nyumba yodzaza kale mabuku ikupemphanso ndalama za chiyani.

Kodi kuyang'anira laibulale n'kutani, popeza mabuku amangokhala pa shelefu?

Ntchito yooneka ndi ya pa kauntala: kudinda tsiku lobwezera, kulandira mabuku obwerera, kutontholetsa aphokoso. Yaikulu imachitika kuseri, ndipo ndi yosankha. Tigule chiyani, tisiye chiyani, titsegule nthawi yanji, ndani aloledwe kubwereka, buku ili likhale pati. Chosankha chilichonse chimadya ndalama, malo kapena nthawi ya antchito, ndipo zitatuzi sizikwana kulikonse.

Mu 1931, S. R. Ranganathan wa ku India, yemwe adali mphunzitsi wa masamu asanayambe kuyang'anira laibulale ya Yunivesite ya Madras, adafalitsa malamulo asanu omwe mpaka lero amaphunzitsidwa kwa olowa ntchitoyi. Mabuku ndi oti azigwiritsidwa ntchito. Wowerenga aliyense apeze buku lake. Buku lililonse lipeze woliwerenga. Wowerenga asatayitsidwe nthawi. Laibulale ndi chinthu chokula. Atandiuza kuti ndisungepo limodzi lokha, ndingasunge lachinayi. Munthu walowa ndi funso, ali ndi ola limodzi basi. Atuluka ndi yankho kapena ayi? Katalogi (mndandanda wa mabuku onse omwe muli nawo), zikwangwani, maola otsegulira, ngakhale nkhope ya amene wakhala pa kauntala, zonse zimayezedwa ndi funso limeneli.

Bajeti yadulidwa. Tiyambe kupulumutsa chiyani?

Choyamba siyanitsani ndalama zotuluka kamodzi ndi zotuluka chaka ndi chaka. Mashelefu, matebulo ndi makompyuta mumagula n'kupuma zaka zingapo. Malipiro, magetsi, intaneti, magazini olipira pachaka ndi kukonza mabuku ong'ambika sizipumitsa munthu. Malaibulale ambiri amapunthwa pamenepa. Wothandiza wapereka makompyuta, mwambo wolandirira wachitika, zithunzi zajambulidwa, koma palibe amene adalemba mu bajeti ndalama za intaneti kapena za wokonza. Pakapita nthawi muwapeza makompyutawo atafunditsidwa nsalu pakona. Musanalandire chinthu, funsani kuti chaka chamawa chidzadya zingati, ndipo adzalipira ndani.

Zikafika podula, maola otsegulira ndi antchito odziwa ntchito akhale omalizira kukhudzidwa. Laibulale yomwe sinagule buku latsopano chaka chino imathandizabe anthu, koma yomwe imatseka panthawi imene ophunzira ndi apantchito akuweruka yathamangitsa yokha eni ake. Kenako tengani zinthu zolipira pachaka chimodzichimodzi, muone kuti zidatsegulidwa kangati. Ogulitsa magazini a pa intaneti amapereka chiwerengerochi, ndipo si zachilendo kupeza magazini yodula yomwe chaka chonse yatsegulidwa kangapo kokha.

Malaibulale a mayunivesite ali ndi mutu waukulu wapadera. Kwa zaka makumi angapo mitengo ya magazini a kafukufuku yakhala ikukwera kuposa bajeti zawo, ndipo ambiri amalipidwa m'madola, mayuro kapena mapaundi, kotero ndalama ya dziko ikagwa mphamvu bajeti imafota isanakhudzidwe n'komwe. Njira yodziwika ndi kugulira pamodzi: malaibulale a m'dziko limodzi amapanga mgwirizano n'kukanenerera mtengo ngati wogula mmodzi. Bungwe la EIFL limathandiza migwirizano yotere m'maiko a mu Africa, Asia ndi Ulaya. Palinso Research4Life, yomwe idayamba ndi Hinari ya zaumoyo mu 2002, kenako AGORA ya ulimi mu 2003 ndi OARE ya zachilengedwe mu 2006, pambuyo pake ARDI ya luso lamakono ndi GOALI ya zamalamulo. Kudzera mmenemo mabungwe oyenerera a m'maiko osauka amawerenga magazini zikwizikwi mwaulere kapena motchipa. Chopweteka n'chakuti pena bungwe lidalembetsa kalekale, koma mawu achinsinsi olowera adapita ndi munthu yemwe adasiya ntchito.

Timasankha bwanji zoti tigule?

Lembani ndondomeko, ngakhale ya masamba awiri, ndipo akuluakulu ayisayinire. Inene kuti laibulaleyi ndi ya yani, mitu yofunika ndi iti, m'zilankhulo ziti, makope angati a buku lolimbiranidwa, ndiponso ndani ali ndi mawu omaliza. Pepala limeneli ndi lomwe mudzatulutse tsiku lomwe wamkulu wina adzabwere ndi mnzake wogulitsa mabuku omwe palibe wawapempha.

Kugula mongoganizira kumatayitsa ndalama zambiri kuposa mmene timavomerezera. Mu 1969 Richard Trueswell adaonetsa kuti pafupifupi 80 peresenti ya kubwereka kumachokera pa mabuku pafupifupi 20 peresenti okha. Kafukufuku wa ku Yunivesite ya Pittsburgh, wofalitsidwa mu 1979, adapeza kuti pafupifupi 40 peresenti ya mabuku ogulidwa mu 1969 sadabwerekedwepo n'kamodzi komwe m'zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira. Ngati zidachitika ku laibulale yokhala ndi akatswiri osankha, nanga kwa wogula poona chikuto chokha?

Chida chotchipa kwambiri ndi kope pa kauntala. Munthu akafunsa chinthu chomwe mulibe, wantchito alembe tsiku ndi chomwe chimafunidwa, osalemba dzina la munthuyo. Pakutha miyezi ingapo kopelo limanena zoona kuposa msonkhano wa komiti. Musaiwalenso zilankhulo zomwe owerenga anu amalankhula kunyumba. Mabuku ake amasindikizidwa ochepa ndipo amasowa msanga pamsika, choncho akatuluka agulidwe pomwepo.

Wina watipatsa makatoni a mabuku. Tingakane mphatso?

Mungathe, ndipo nthawi zina muyenera kutero. Tsegulani katoni imodzi muone. Pamwamba pali nthano za ana zooneka bwino, pansi pake buku lofotokoza malamulo a misonkho a dziko lina a zaka makumi atatu zapitazo, lina lophunzitsa pulogalamu ya pakompyuta yomwe idasiya kugwiritsidwa ntchito, ndi mabuku a nkhokwe ya chidziwitso osowa gawo lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri. Ena akununkha nkhungu, ndipo mukawaika pa shelefu ayipatsira anzawo.

Buku laulere limadyabe ndalama. Liyenera kulembedwa mu katalogi, kudindidwa, kumatidwa nambala, ndi kupatsidwa malo. Ndondomeko yanu inene kuti mphatso imayesedwa ndi muyeso womwewo wa mabuku ogula, ndiponso kuti laibulale ili ndi ufulu wopereka kwina kapena kutaya zomwe sizikufunika. Muuzeni wopereka zimenezi asanatsitse katundu. Mabungwe abwino othandiza amatumiza kaye mndandanda kuti musankhe nokha.

Kuchotsa mabuku pa shelefu si kuwononga chuma?

Palibe ntchito ya mu laibulale yomwe imautsa mapiri pachigwa ngati iyi, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaizemba mpaka mashelefu atadzaza thothotho. Koma taganizani za mwana wasukulu yemwe watenga buku la mapu losonyeza Sudan ngati dziko limodzi, pomwe South Sudan idadziimira payokha mu 2011, kapena buku la sayansi lowerengera Pluto pa mapulaneti asanu ndi anayi, pomwe akatswiri adaichotsa pagululo mu 2006. Izi n'zochepa. Buku lakale la mankhwala kapena la malamulo lingathe kumuika munthu m'mavuto enieni, chifukwa wowerenga amakhulupirira kuti chomwe chili mu laibulale n'cholondola.

Kuchotsa mabuku kuli ngati ntchito yopalira: wosazula udzu amataya mbewu. Mabuku abwino amabisika pakati pa akufa, wowerenga amasanthula shelefu yonse osapeza kanthu, n'kupita akunena kuti muno mulibe mabuku.

Njira ya CREW, yomwe idakonzedwera malaibulale a ku Texas m'ma 1970, imafunsa mafunso osavuta pa buku lililonse. Kodi zomwe likunena n'zolondolabe? Lang'ambika moti silingakonzeke? Kwatuluka lina lolowa m'malo mwake? Lili ndi phindu kwa anthu omwe timawatumikira? Lingapezeke mosavuta kwina? Onjezani kuyang'ana kapepala ka kumbuyo: ngati tsiku lomaliza kudindidwa ndi la zaka khumi zapitazo, bukulo ladzinenera lokha.

Pali zosakhudzidwa. Mbiri ya dera lanu, zolemba za bungwe lanu, mabuku osowa, ndi zonse zomwe laibulale ya dziko imasunga mwalamulo sizichotsedwa chifukwa choti sizibwerekedwa. Komanso mabuku ndi katundu wa mwini laibulale, kotero tsatirani njira yovomerezeka yochotsera katundu, lembani mndandanda, dindani kuti lachotsedwa, ndipo lifufuteni mu katalogi. Chitani pang'onopang'ono chaka chonse. Mulu waukulu wa mabuku otayidwa tsiku limodzi umabweretsa mkwiyo womwe kufotokoza kulikonse sikungauzimitse.

Tisanje mabuku motani?

Malaibulale ambiri a sukulu ndi a anthu wamba amatsata njira ya Melvil Dewey ya mu 1876, yomwe imagawa chidziwitso m'magulu khumi kuyambira 000 mpaka 999: 300 za kakhalidwe ka anthu, 500 sayansi, 600 luso monga zaumoyo ndi ulimi, 900 mbiri ndi malo. Mayunivesite ambiri akuluakulu amatsata ya Library of Congress (laibulale ya nyumba ya malamulo ya ku United States), yosakaniza zilembo ndi manambala. Njira ya Dewey ili ndi tsankho la nthawi yake. Zilankhulo zambirimbiri za mu Africa zidapanikizidwa pa 496 ndi zolemba zake pa 896, pomwe Chingerezi, Chijeremani ndi Chifalansa chilichonse chili ndi chigawo chakechake. Ngakhale zili choncho, musapeke njira yanuyanu, chifukwa wodzalowa m'malo mwanu sadzaimvetsa. Kusinthanso njira pakatikati kumadya zaka.

Chofunika koposa njira yomwe mwasankha ndi kuyendera mashelefu. Buku la 616 likalowetsedwa pa 661, katalogi imati lilipo, wowerenga salipeza, ndipo kwa iye n'chimodzimodzi labedwa. Wantchito aliyense akhale ndi mashelefu ake oyendera m'mawa musanatsegule.

Tikufuna kuika katalogi pa kompyuta. Pulogalamu yaulere ndi yodalirika?

Ndi yodalirika. Koha, yomwe idalembedwa ku New Zealand mu 1999 n'kuyamba kugwira ntchito mu Januwale 2000, ikuyendetsa malaibulale ambirimbiri padziko lonse, aang'ono ndi aakulu omwe. Koma chaulere ndi chilolezo chokha. Mufunikabe seva kapena wokusungirani, munthu wodziwa kuisamala, magetsi odalirika, ndi maphunziro a antchito.

Onetsetsani kuti pulogalamu iliyonse yomwe mwasankha imalandira ndi kutulutsa zolemba mu MARC, kalembedwe komwe Henriette Avram adatsogolera kukonza ku Library of Congress m'ma 1960. Ubwino wake uli pawiri. Mumatha kukopera zolemba zomwe malaibulale ena adakonza kale pogwiritsa ntchito ISBN, nambala yozindikiritsa buku yomwe imasindikizidwa pa bukulo, mmalo molemba buku lililonse kuchokera pachiyambi. Ndipo tsiku lomwe mudzafune kusamukira ku pulogalamu ina, mudzanyamula katalogi yanu yonse. Wogulitsa amene sakulolani kutulutsa zolemba zanu wakumangani.

Sungani makope a katalogi kumalo osiyana, ndipo nthawi ndi nthawi yesani ngati akutsegukadi. Mu Okutobala 2023 zigawenga za pa intaneti zidalowerera makompyuta a British Library ku London. Katalogi yake yaikulu sidapezekenso pa intaneti mpaka Januwale 2024, ndipo ntchito zina zidatenga nthawi yaitali kuposa apo. Lipoti lawo lidavomereza kuti makina akale osiyanasiyana adachedwetsa kubwezeretsa zinthu. Laibulale yaing'ono ikhalenso ndi njira yobwereketsera pa pepala makina akazima.

Mabuku akubedwa ndipo ena sabwezedwa. Titsekere m'kabati? Tikweze chindapusa?

Musanachite chilichonse, werengani katundu. Nthawi zambiri mabuku omwe akuti abedwa amapezeka pa shelefu yolakwika, mu ofesi ya wantchito, kapena kwa mkulu wina yemwe adatenga osalembetsa. Akuluakulu ndi antchito azilembetsa ngati wina aliyense.

Zothandiza n'zodziwika: khomo limodzi lolowera ndi kutulukira, kauntala yoyang'ana khomolo, malo osiyira zikwama, mawindo otchinga bwino, ndipo kwa amene angakwanitse, timizere ta maginito kapena tizipangizo ta RFID tomatidwa m'buku kuti belu lilire likatulutsidwa osalembetsa. Mabuku ochepa olimbiranidwa nthawi ya mayeso akhale kuseri kwa kauntala, obwereka kwa maola ochepa. Ambiri amene amang'amba masamba sachita dala kuwononga. Amakhala kuti buku ndi limodzi, ofuna ndi ochuluka, ndipo palibe pojambulira. Koma kutsekera mabuku onse ndiye ayi. Anthu amapeza zambiri poyenda m'mashelefu, ndipo laibulale yomwe sinatayepo buku ndi yomwe palibe amawerengamo. Ikani mu bajeti kuti ena adzatayika.

Za chindapusa, maganizo asintha. Laibulale ya mzinda wa Chicago idachotsa chindapusa cha kuchedwa mu 2019, ya New York mu 2021, ataona kuti chimathamangitsa kwambiri ana ndi osauka. Munthu amene ngongole yamukulira sabweza buku, ndipo naye sabweranso. Wotaya buku alipire kapena agule lina, pamenepo palibe mkangano. Koma pa kuchedwa, uthenga wokumbutsa pa foni ndi sabata yokhululukira obweza mochedwa zimabwezetsa mabuku ambiri kuposa kuopseza.

Kodi adani enieni a mabuku ndi ati?

Chinyezi chili patsogolo. Chikapitirira pafupifupi 65 peresenti kwa masiku angapo m'chipinda chosapita mphepo, nkhungu imayamba. Pambuyo pake pali chiswe, mphemvu, njenjete ndi makoswe, dzuwa lowomba pa mabuku mwachindunji, fumbi, ndiponso pepala lenilenilo: mapepala ambiri opangidwa ndi mitengo kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1800 ali ndi asidi, ndipo n'chifukwa chake nyuzipepala zakale zimafiira n'kumathetheka. Mdani wina ndi wantchito wa mtima wabwino wokhala ndi selotepi. Ikauma imasiya banga losachoka.

Zambiri zoteteza sizifuna ndalama zochuluka. Shelefu yapansi italikirane ndi simenti, mashelefu asagunde khoma, mphepo izidutsa, denga ndi mipope ziziyenderedwa mvula isanayambe, ndipo zakudya zisalowe.

Ngozi zazikulu zimaphunzitsa chinthu chimodzi, kuti madzi amawononga ngati moto womwe. Mtsinje wa Arno utasefukira ku Florence mu Novembala 1966, matope adalowa mu laibulale ya dziko la Italy, ndipo luso lambiri lamakono lopulumutsira mabuku lidakulira pa ngoziyo. Moto wa mu 1986 ku laibulale yaikulu ya Los Angeles udapsereza mabuku pafupifupi 400,000, koma enanso pafupifupi 700,000 adaonongeka ndi madzi ndi utsi. Mu Epulo 2021 moto wochokera kuphiri udatentha laibulale ya Jagger ku Yunivesite ya Cape Town, ndipo madzi ozimitsira adatsikira m'zipinda zapansi momwe mudali zolemba zosowa. Buku lonyowa limayamba nkhungu pakadutsa maola pafupifupi 48. Ngati simungaliumitse msanga ndi mphepo, likulungeni n'kuliika mu firiji yoziziritsa kwambiri mpaka mutapeza thandizo. Ndondomeko ya ngozi inene woyamba kuimbiridwa foni, komwe kuli makiyi, pozimitsira magetsi ndi madzi, ndi zinthu zoyamba kutulutsidwa. Kope lake lina likhale kunja kwa nyumbayo.

Tikajambula zonse n'kuziika pa kompyuta, vuto losunga latha?

Langosintha nkhope. Buku losungidwa bwino limawerengeka patatha zaka mazana, koma funsani amene adasunga zolemba zake pa madisiki a m'ma 1990 ngati lero ali ndi makina oti awatsegulire. Mafayilo amafuna kusamutsidwa, kuyesedwa ndi kulipiriridwa malo mpaka kalekale. Lamulo losavuta ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi kutali ndi nyumbayo.

Jambulani zomwe muli nazo inu nokha: kafukufuku wa ophunzira anu, malipoti, zithunzi, zolemba pamanja. Mayunivesite ambiri amaika zotere mu DSpace, pulogalamu yaulere yomwe yunivesite ya MIT ya ku United States ndi kampani ya Hewlett-Packard adatulutsa mu 2002. Chithunzi chopanda mutu, mlembi, chaka ndi mawu ofufuzira sichipezeka, choncho nthawi yofotokozera mafayilo muiwerengere pamodzi ndi yojambula. Ndipo mukajambula musataye chenichenicho.

Dziwaninso kuti mabuku ndi magazini ambiri a pa intaneti laibulale sigula, imachita lendi. Mukasiya kulipira, chitseko chimatsekeka. Musanasayine, funsani ngati zaka zomwe mwalipira mudzazionabe mgwirizano ukatha.

Tingalole anthu kujambula buku lonse pa fotokope?

Nthawi zambiri ayi. Pangano la Berne, lomwe lidayamba mu 1886, limati umwini wa zolemba utetezedwe moyo wonse wa mlembi ndi zaka zosachepera 50 atamwalira. Maiko a European Union ndi United States amafika pa 70. Malamulo a maiko ambiri amalola kujambula gawo lochepa pofuna kuphunzira kapena kufufuza, koma kukula kwa gawolo kumasiyana. Werengani lamulo la dziko lanu, muone ngati kuli bungwe lotolera ndalama za alembi, ndipo mumate chidziwitso pafupi ndi makinawo.

Pangano la Marrakesh la mu 2013, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2016, limalola mabungwe ovomerezeka m'maiko omwe adalilandira kusandutsa mabuku kukhala a Braille, a zilembo zikuluzikulu kapena omvera, osapempha chilolezo kwa mwini, ndiponso kutumizirana kudutsa malire. Malaibulale ambiri sanayambe kugwiritsa ntchito mwayiwu, pomwe anthu osaona amapeza kachigawo kochepa chabe ka mabuku osindikizidwa.

Wina akafuna kudziwa zomwe mnzake wabwereka, kapena akafuna buku lichotsedwe, titani?

Zomwe munthu amawerenga ndi chinsinsi chake. Amene wabwereka buku la matenda ena, la kuthetsa banja kapena la ndale safuna kuti bwana, mphunzitsi kapena mwamuna wake adziwe. Malamulo a khalidwe a IFLA, chitaganya cha malaibulale padziko lonse chomwe chidakhazikitsidwa ku Edinburgh mu 1927, amatsindika zimenezi. Osapereka mbiri ya wowerenga popanda chikalata cha khoti. Yang'ananinso zing'onozing'ono: kakhadi ka kumbuyo kwa buku kolembedwa maina a onse omwe adalibwerekapo kamaulula chinsinsi kwa aliyense wolitsegula, ndipo kompyuta ya onse izifufuta zomwe wina wafufuza akachokapo.

Wodandaula za buku mumvereni mwaulemu, mumpatse fomu alembe chomwe chamukhumudwitsa ndi tsamba lake, komiti iwerenge buku lonse, iweruze potsata ndondomeko. Bukulo likhalebe pa shelefu mpaka chigamulo chituluke. Pena yankho limangokhala kulisamutsa kuchoka kwa ana kupita kwa akulu. Kholo lili ndi mawu pa zomwe mwana wake akuwerenga, osati ana a anzake.

Popeza zonse zili pa foni, laibulale ikufunikabe?

Zonse sizili pa foni. Kafukufuku wambiri ali kuseri kwa malipiro, zolemba zambiri za m'madera sizidajambulidwepo, ndipo si aliyense ali ndi intaneti, magetsi kapena malo abata owerengera. Chomwe chasintha ndi vuto la wowerenga. Kale ankasowa chowerenga; lero wazunguliridwa ndi zambiri ndipo sadziwa chokhulupirira.

Kuyambira pa chilengezo cha ku Budapest cha mu 2002, cholimbikitsa kuti kafukufuku aziwerengedwa mwaulere pa intaneti, kafukufuku wowerengedwa mwaulere wachuluka, ndipo DOAJ, yomwe idayambira ku Yunivesite ya Lund mu 2003, imasunga mndandanda wa magazini otere omwe adayesedwa. Koma pamodzi ndi abwinowo padamera achinyengo, omwe amalandira ndalama kwa wofufuza n'kusindikiza chilichonse osaunika. Tsopano kwabwera mapulogalamu a AI omwe amatha kupeka mutu wa buku, mlembi ndi chaka, zonse zooneka zenizeni. Wophunzira amafika pa kauntala ndi mndandanda wa zinthu zomwe sizidalembedwepo. Kuphunzitsa anthu kufufuza, kutsimikiza gwero ndi kutchula komwe atenga mfundo kwasanduka ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo kumayenda bwino kukalumikizidwa ndi ntchito yeniyeni yomwe mphunzitsi wapereka, osati ulendo woonetsa mashelefu sabata yoyamba ya chaka.

Tingawaonetse bwanji akuluakulu kuti laibulale ikugwira ntchito?

Chiwerengero cha mabuku omwe muli nawo sichinena zambiri. Werengani olowa, obwereka, mafunso oyankhidwa, zotsegulidwa pa intaneti, ndi ophunzitsidwa. Miyezo ya ISO 2789 ndi ISO 11620 imafotokoza mawerengedwe ake kuti chaka chino chifanizidwe ndi chatha. Yesaninso izi: sankhani mitu makumi awiri mu katalogi mwachisawawa, mupite ku shelefu, muone ingati mwaipeza. Lipoti likhale la tsamba limodzi, lolankhula zomwe akuluakuluwo amasamala, kaya ndi zotsatira za mayeso, kafukufuku wofalitsidwa kapena achinyamata opeza ntchito. Ndipo kamodzi pachaka kafunseni amene sabwera. Mayankho awo amakhala a masitepe omwe njinga ya olumala singakwere, maola osagwirizana ndi ntchito zawo, kapena kalata zambiri zofunika polembetsa.

Nanga antchito? Aliyense sangagwire ntchitoyi?

Maganizo amenewa ndi omwe amachititsa kuti laibulale isanduke kotayira wantchito yemwe walephera kwina. Kusanja, kulemba katalogi, kukambirana ndi ogulitsa, kufunsa wowerenga mpaka funso lake lenileni lituluke, zonsezi zimaphunziridwa. Munthu amafika n'kunena kuti akufuna buku la malamulo, pomwe chomwe chamubweretsa ndi mkangano wa malire a munda; wantchito wosaphunzitsidwa amamulozera ku 340 n'kubwerera pa foni yake.

Ongodzipereka ndi ophunzira angathandize kubwezera mabuku ndi kuwerengera ana nthano, koma pakhale wodziwa wowatsogolera. Choopsa kwambiri mu laibulale yaing'ono ndi ntchito yodziwidwa ndi munthu mmodzi. Lembani njira zonse mu fayilo imodzi: kalembetsedwe ka wowerenga watsopano, kasungidwe ka makope a katalogi, masiku omwe migwirizano ikutha, ndi komwe mawu achinsinsi asungidwa motetezeka. Ntchito iliyonse yofunika aidziwe anthu awiri, ndipo wachiwiriyo aziigwira yekha kamodzi pamwezi kuti asaiwale.